Dzala ndi Mtaya: Zomwe Tingaphunzire kwa Anthu a ku Kamikatsu

Mawu Oyamba

Kuseri kwa nyumba ya agogo anga ku Dedza kudali dzala. Padzalapo tinkatayapo makoko a mbatata, phulusa la pamafuwa, zitosi za nkhuku ndi masamba osesedwa pabwalo. Mvula ikagwa, dzala lomwelo linkatibwezera zomwe tidalipatsa. Pankamera maungu, bonongwe ndi matimati popanda munthu wofesa, ndipo pakatha zaka ziwiri agogo ankafukula dothi lakuda la pamalopo n'kukathira kudimba.

Ndili Fomu 2 ndidapita kutchuthi ndipo ndidapeza mbuzi yaikazi ya agogo itaonda kwambiri, koma mimba ili tuu. Inkadya pang'ono n'kugona. Patapita sabata idafa. Amalume atayitumbula adapeza m'chifu mwake muli chimpira cha majumbo opiringizana, chachikulu ngati mutu wa mwana. Mbuziyo ndi yomwe agogo adaisunga kuti adzagulitse pondilipirira fizi ya teremu yachitatu. Majumbowo sidakawatole kutali. Idawadya padzala lathu lomwe lija, pofuna mchere ndi mafuta otsalira m'mapepalamo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa kuti chidasintha n'chiyani, popeza ife tinkataya monga momwe makolo athu ankatayira. M'chimangirizo chino ndifotokoza kusiyana kwa dzala ndi mtaya, kenaka ndionetsa momwe anthu a m'tauni ina yaing'ono ya ku Japan adachepetsera zinyalala zopita kotayidwa. Pomaliza ndiunika zomwe ife tili nazo kale, ndi gawo lomwe chiyankhulo chili nalo pa nkhaniyi.

Kusiyana kwa Dzala ndi Mtaya

Akuluakulu amati mfumu ndi dzala, kutanthauza kuti imalandira zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, osabweza munthu. Mwambiwu udapangidwa nthawi yomwe chilichonse chotayidwa chinkaola. Dengu lidali la nsungwi, mphika udali wadothi, ndipo ndiwo zogula zinkakulungidwa m'masamba. Dzala linkalandira zonse chifukwa linkatha kugaya zonse.

Mtaya ndi chinthu china. Awa ndi malo omwe khonsolo ya mzinda imakatayako zinyalala za anthu zikwizikwi, monga ku Mzedi mumzinda wa Blantyre ndi ku Area 38 mumzinda wa Lilongwe. Kumeneko makoko a nthochi, mabotolo, mabatire, matewera ndi majumbo zimafika zitasakanikirana. Zoola zikakwiririka pansi pa mulu pomwe mpweya sufika, siziola bwino monga padzala. Zimatulutsa mpweya wa methane, womwe umayaka msanga komanso umathandizira kutentha kwa dziko. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mitaya imafukira utsi masiku ambiri. Mvula ikadutsa m'muluwo imatuluka ili madzi akuda onunkha, otenga poizoni wa m'mabatire ndi m'zinthu zina, ndipo madziwo amalowa pansi kapena kutsikira mumtsinje.

Mtaya ukakula kwambiri umapha ndithu. M'mwezi wa Malichi 2017 mulu wa zinyalala wa ku Koshe mumzinda wa Addis Ababa udagumuka n'kupha anthu oposa 110. Mu Febuluwale 2018 mvula idagumula mtaya wa Hulene ku Maputo ndipo anthu osachepera 16 adafa. Mu Ogasiti 2024 zomwezi zidachitikanso ku Kiteezi, mtaya wa mzinda wa Kampala, komwe kudafa anthu oposa 30. M'malo onsewa ophedwa adali amphawi okhala m'mphepete mwa mtaya, omwe zambiri mwa zinyalalazo sizidali zawo.

Lipoti lomwe Banki Yaikulu Padziko Lonse idatulutsa mu 2018 lidati maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara adatulutsa matani 174 miliyoni a zinyalala mu 2016, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kuchuluka katatu pofika 2050. Lipoti lomweli lidaonetsanso kuti m'maiko osauka zinyalala zoposa theka ndi zotsala za chakudya ndi zomera. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira. Ikutanthauza kuti gawo lalikulu la katundu yemwe lole imanyamula kupita kumtaya silidayenera kukwera lole n'komwe.

Tauni ya Kamikatsu

Kamikatsu ndi tauni ya m'mapiri m'chigawo cha Tokushima, pachilumba cha Shikoku ku Japan. Muli anthu osafika 1,500, ndipo pafupifupi theka la iwo ndi okalamba. Mpaka m'zaka za m'ma 1990 anthu a kumeneko ankatentha zinyalala zawo pamtetete m'dzenje lalikulu, monga momwe ambiri a ife timachitira madzulo. Mu 1998 khonsolo yawo idagula ng'anjo ziwiri zazing'ono zotenthera zinyalala, koma patangopita zaka zitatu ng'anjozo zidatsekedwa chifukwa cha lamulo latsopano lochepetsa utsi wa poizoni wotchedwa dioxin. Kutumiza zinyalala zonse kutali kuti zikatenthedwe kudali kodula kwa tauni yaing'ono chotero. Njira yomwe idatsala idali yochepetsa zinyalalazo. Mu 2003 Kamikatsu idakhala dera loyamba ku Japan kulengeza kuti likufuna kufika poti lisamatenthe kapena kukwirira zinyalala, ndipo lidadziikira malire a chaka cha 2020.

Ndondomeko yawo ili ndi mizati inayi. Mzati woyamba ndi wakuti zoola sizichoka pakhomo. M'zaka za m'ma 1990 khonsolo idayamba kuthandiza mabanja kugula zipangizo zopangira manyowa, kotero kuti zotsala za kukhitchini zimathera panyumba pomwepo. Zoola zikachotsedwa, zotsalazo zimakhala zouma, zosanunkha ndiponso zosavuta kusankha.

Mzati wachiwiri ndi wakuti m'tauniyi simuyenda malole otolera zinyalala khomo ndi khomo. Munthu aliyense amatsuka mabotolo, zitini ndi mapepala apulasitiki, amaziumitsa, n'kuzinyamula yekha kupita nazo pamalo amodzi osonkhanitsira. Okalamba omwe sangathe kuyenda ndi okhawo omwe amatengeredwa katundu wawo pakhomo.

Mzati wachitatu ndi kusankha. Adayamba ndi magulu 9 mu 1997, adafika pa 34 mu 2002, ndipo mu 2016 magulu adakwana 45. Chitini cha aluminiyamu chili ndi malo ake, chachitsulo chilinso ndi ake. Botolo loyera silisakanizidwa ndi lofiirira, ndipo nyuzipepala imasiyanitsidwa ndi katoni. Pamwamba pa bokosi lililonse pali chikwangwani chofotokoza komwe katunduyo akupita, chomwe akapangidwe, komanso ngati tauni ipindula naye ndalama kapena ilipira kuti achotsedwe. Choncho munthu amaona ndi maso ake kuti pepala losankhidwa bwino limabweretsa ndalama, pomwe chinthu chokatenthedwa chimadya msonkho wake.

Mzati wachinayi ndi kupatsana. Pamalopo pali sitolo yotchedwa Kuru Kuru, mawu a Chijapani otanthauza kuzungulira. Munthu amasiyamo mbale, zovala kapena mabuku omwe sakuwafunanso, ndipo wina amatenga kwaulere, bola ayeze kulemera kwake kuti zidziwike kuti ndi katundu wochuluka bwanji yemwe wapulumuka. Nsalu zakale nazo amayi achikulire amazisoka kukhala zikwama ndi zidole.

Zotsatira zake n'zakuti pofika 2016 tauniyi inkabwezeretsa pantchito magawo oposa 80 pa 100 alionse a zinyalala zake, pomwe dziko lonse la Japan lidali pa magawo pafupifupi 20 okha.

Pomwe Adalephera

Kungakhale kunama kufotokoza nkhaniyi ngati nthano yothera pa chisangalalo. Chaka cha 2020 chidafika koma cholinga chija sichidakwaniritsidwe. Padatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lomwe limatumizidwabe kukatenthedwa kapena kukakwiriridwa. M'gawo limeneli muli matewera, nsapato ndi zinthu zina zopangidwa pomata pulasitiki, mphira ndi nsalu pamodzi, zomwe munthu sangathe kuzilekanitsa ngakhale atakhala wakhama chotani. Apa anthu a ku Kamikatsu adazindikira kuti mphamvu za wogula zili ndi malire. Chinthu chikapangidwa moti sichingabwezedwe pantchito, vuto limakhala litayambira kufakitale. M'chaka chomwecho adatsegula malo atsopano osonkhanitsira, omangidwa mooneka ngati chizindikiro cha funso ukawaona kuchokera kumwamba, ndipo adadziikira malire ena a 2030.

Tiyeneranso kuvomereza kuti Kamikatsu si Ndirande. Anthu ake ndi ochepa ndipo amadziwana, mwakuti wotaya mosasamala amachita manyazi. Ambiri ali ndi galimoto zonyamulira katundu komanso madzi a m'mipope otsukira mabotolo, ndipo dziko lawo lili ndi mafakitale ogula pafupifupi chilichonse chosankhidwa. Mayi wogula madzi pachigubu sangawathere kutsukira mapepala a shuga. Kotero chofunika kutengako si chiwerengero cha 45 ayi, koma mfundo ziwiri: zoola zisakwere lole, ndipo zinthu zisasakanizidwe pachiyambi pomwe.

Zomwe Tili Nazo Kale

Ndikayang'ana m'misika yathu ndimaona kuti luso lobwezeretsa zinthu pantchito si lachilendo. Botolo la chakumwa limagulitsirwamo thobwa kapena mafuta ophikira. Chitini chimasanduka koloboyi. Malata otha amakhomedwa kukhala mbaula. Chubu chophulika chimadulidwa malegeni omangira katundu panjinga, ndipo tayala lotha limakhala nsapato. Ana nawonso amakulunga majumbo n'kupanga mpira. Zonsezi zimachitika popanda msonkhano kapena chikwangwani. Zimachitika chifukwa zinthuzo zili ndi mtengo.

Manyowa nawo ayamba kupeza mtengo. Cha m'ma 2010, pansi pa ntchito yotchedwa Waste for Wealth, magulu a amayi a ku Mtandire mumzinda wa Lilongwe adaphunzitsidwa kusankha zinyalala zoola n'kupanga manyowa, omwe ankagulitsa ku kampani yodzala maluwa ndi mitengo ya Four Seasons. Chomwe chidapatsa mphamvu ntchitoyi n'chakuti wogula adalipo. Masiku ano, pomwe feteleza wakwera mtengo kwambiri, alimi ambiri akupanga manyowa a Mbeya posakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, n'kuzisunga m'thumba lomanga bwino kwa masiku 21. Phulusa lomwe m'tauni timalitaya m'ngalande, kumudzi likusakidwa.

Pa nkhani ya majumbo, boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015. Makampani opanga mapepalawa adakatenga chiletso kukhoti, ndipo nkhaniyi idakokedwa zaka zambiri. Bwalo lalikulu la apilo lidagamula mokomera lamuloli mu Julayi 2019, komabe ziletso zina zidatsatira mpaka kumayambiriro kwa 2025, pomwe khoti lidatsegulanso njira yoti lamuloli ligwire ntchito. Mmodzi mwa omwe adamenya nkhondoyi, Gloria Majiga-Kamoto, adalandira mphoto ya Goldman mu 2021. Chomwe chidamudzutsa ndi mbuzi za alimi zomwe zinkafa chifukwa chodya majumbo. Nditamva zimenezi ndidadziwa kuti tsoka la agogo anga silidali lawo okha.

Mu Novembala 2020 boma lidakhazikitsanso tsiku losesa m'dziko muno, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kusesa ndi kwabwino, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma tiyenera kusiyanitsa kusesa ndi kuchepetsa. Tikasesa msika wonse n'kuunjika zonse pamodzi kudikira lole, tangosamutsa vuto kuchoka pamaso pathu kupita pakhomo pa anthu okhala pafupi ndi mtaya.

Zomwe Ndidayesa

Patchuthi chapitachi ndidaganiza zoyesa mfundozi pomwe ndimakhala ndi azakhali anga mumzinda wa Blantyre. Pamalopo pali mabanja asanu ochita lendi, ndipo tonse tinkataya m'dzenje limodzi lomwe likadzaza tinkalitentha. Ndidapempha kuti tigawe zinyalala patatu: zoola, zogulitsika monga mabotolo ndi zitsulo, ndi zotsala zopanda kolowera. Ndidaika matumba awiri pamthunzi ndipo ndidakumba dzenje lina la zoola zokha.

Masabata awiri oyamba zidandivuta. Dzenje lidayamba kununkha ndipo ntchentche zidachuluka, mpaka mayi wina woyandikana nafe adabwera kudzadandaula kwa azakhali. Adali ndi chifukwa chomveka, pakuti ali ndi mwana wokwawa. Cholakwa chidali changa. Ndinkangoponyamo makoko aawisi, mikute ndi madzi otsukira nsomba popanda chouma chilichonse. Agogo nditawaimbira foni adaseka n'kundifunsa kuti, "Kodi iwe, phulusa ukulisungira ndani?"

Ndidayambiranso motsatira malangizo awo ndi a mlangizi wina wa zaulimi. Pansi ndidayala timitengo ndi udzu wouma kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ndinkaika zaziwisi, kenaka masamba ouma, kenaka phulusa pang'ono ndi dothi, n'kuwaza madzi ongonyowetsa. Mafupa, nsomba ndi zamafuta ndidasiya kuikamo chifukwa ndi zomwe zimaitana makoswe ndi agalu. Ndidazika ndodo pakati, ndipo ndikaizula n'kupeza yafunda ndinkadziwa kuti ntchito ikuyenda. Pakatha masabata awiri kapena atatu ndinkatembenuza muluwo. Fungo lidatha, ndipo m'mwezi wachitatu mudatuluka dothi lakuda lofanana ndi la padzala la ku Dedza. Tidathira pabedi la mpiru kuseri kwa bafa.

Sikuti onse adatsatira. Mabanja awiri amasakanizabe, ndipo thumba la zotsala, lodzaza matewera ndi timapepala ta sopo ndi ta mafuta, likadali mutu wopweteka monga momwe liliri ku Kamikatsu. Komabe dzenje lakale lija, lomwe linkadzaza mwezi uliwonse, lidatha miyezi itatu lisadatenthedwe. Mabotolo amatengedwa ndi mnyamata wina wogula zakale, ndipo ndalama zake timagulira matsache.

Gawo la Chiyankhulo

Monga wophunzira chiyankhulo, chomwe chidandikhudza kwambiri pa nkhani ya Kamikatsu ndi maina. Kusankha zinthu m'magulu 45 kumafuna kuti chilichonse chikhale ndi dzina lake. Chinthu chokhala ndi dzina chimakhala ndi kopita.

Chichewa n'cholemera kwambiri pa maina a zotsala. Chimanga chokha chimatipatsa mapesi, makoko, zitsononkho, gaga ndi misere. Tili ndi mikute, makombo, utuchi, phulusa, ndowe, zitosi ndi sanza. Palibe mayi wa kumudzi yemwe angatchule gaga kuti zinyalala, chifukwa akudziwa kuti ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Mkute ndi kadzutsa wa mawa. Zitsononkho ndi nkhuni. Dzina lililonse lanyamula ntchito yake.

Koma zinthu zobwera ndi masitolo tidazipatsa maina ochepa. Thumba lopyapyala, botolo lolimba, ndowa yosweka ndi pepala lonyezimira la bisiketi, zonse timangoti pulasitiki, ngakhale kuti zina zimagulidwa ndi osungunula pomwe zina palibe wozifuna. Zikasakanizidwa ndi makoko timaziphatikiza m'liwu limodzi loti zinyalala, ndipo liwu limenelo limatiuza chinthu chimodzi chokha: kataye. Mauthenga ambiri a pazikwangwani nawo amangoti tisataye zinyalala paliponse, kapena titaye m'bini. Sauza munthu kuti m'dzanja lakelo muli zinthu zitatu zosiyana.

Apa ndi pomwe ife a m'gawo la ziyankhulo tingathandize. Tikhoza kupita kwa ogula zakale, kwa okhoma mbaula ndi kwa anthu otoleza kumtaya, n'kulemba maina omwe iwo amagwiritsa ntchito posiyanitsa katundu wawo, chifukwa iwo ndiwo akatswiri a ntchitoyi. Maina amenewo ndi omwe ayenera kulembedwa pamabini, kumveka pawailesi ndi kulowa m'mabuku a ana, m'malo momasulira mawu achilendo omwe palibe amawayankhula. Tiyeneranso kusamala momwe timatchulira anthu otolezawa. Ambiri timawayang'ana ngati amisala kapena akuba, chonsecho botolo lililonse lomwe atola ndi katundu yemwe wachotsedwa pamulu.

Mawu Omaliza

M'chimangirizo chino ndaonetsa kuti dzala linkagwira ntchito chifukwa zonse zotayidwa zinkaola, ndipo kuti mtaya ndi zotsatira za kusakaniza zoola ndi zosaola. Anthu a ku Kamikatsu adachepetsa kwambiri zinyalala zawo posunga zoola pakhomo, posankha zotsala ndi popatsana zomwe zikadali zabwino, ngakhale kuti gawo lina lidawakanika chifukwa gwero lake lili kwa opanga katundu. Ife sitingakopere zonse, koma gawo lalikulu la zinyalala zathu ndi zoola, ndipo luso lozisandutsa manyowa tidabadwa nalo. Makhonsolo ali ndi udindo wawo, opanga katundu alinso ndi wawo, koma kusankha kumayambira pakhomo, chinthu chisadagwe m'dzenje.

Agogo adagulanso mbuzi ina. Tsopano pamtengo wa pafupi ndi dzala amapachikapo thumba la feteleza, ndipo mdzukulu aliyense wopita kukataya amayamba wachotsa majumbo n'kuika m'thumbamo. Chaka chatha padzalapo padameranso maungu.